Kumanga, kugula yatsopano kapena kukonza yakale: nyumba ya mlimi wa m'malire imalimbira pati?

Chaka chilichonse fodya, soya ndi mbatata ya kachewere zikangogulitsidwa, misewu ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde imasintha maonekedwe. Ngolo za ng'ombe zimadutsa zitasenza malata, njinga zamoto zimayenda mopendekera ndi matumba a simenti, ndipo m'mphepete mwa madambo mumafuka utsi wa mauvuni a njerwa. Mlimi amagwira ndalama zooneka kamodzi kokha pachaka, ndipo ambiri amafuna kuti zisanduke nyumba zisanathere m'zinthu zina.

Kale funso linali la njerwa zingati zoti aumbe, ndi kumene akagule malata, ku Ulónguè kapena kutsidya la malire ku Dedza. Masiku ano njira zilipo zitatu. Wina amamanga yekha pang'onopang'ono pamalo a makolo. Wina amagula nyumba yongomalizidwa kumene, yopaka kale penti, kwa anthu amene amamanga n'cholinga chogulitsa m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu. Wina amafunafuna nyumba yakale, kapena sitolo yakale ija anthu amaitchula kuti kantina, n'kuikonza. Mkangano wake ndi wodziwika pa mabenchi a m'misika. Akuluakulu amati zakale zinamangidwa ndi anthu odziwa ntchito. Achinyamata amati nyumba yakale ndi dzenje lotayamo ndalama.

Onsewa akuwerenga zaka za nyumba, pamene zimene zimaimika nyumba kapena kuigwetsa ndi zinthu zobisika: maziko, simenti imene inalowa pakati pa njerwa, mmene denga linamangiriridwira ku khoma, ndi mapepala a umwini. Poyeza njira zitatuzi ndi muyeso umenewu, yoopsa kwambiri kwa mlimi ndi ija imaoneka yosavuta, yogula nyumba yatsopano imene iye sanaione pamene inkamangidwa.

Chigawo cha Tete chili ndi chitsanzo chake, ndipo sichinachitikire kutali. Pakati pa 2009 ndi 2011, kampani ya ku Brazil ya Vale inasamutsa mabanja 1,365 kuti ikumbe malasha ku Moatize. Mabanja oposa 700 anapita ku Cateme, mudzi watsopano womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize, ndipo ena anapatsidwa nyumba ku bairro ya 25 de Setembro. Pa zithunzi nyumbazo zinkaoneka bwino, mizere yowongoka, malata onyezimira, makoma a simenti m'malo mwa dothi. Pasanapite nthawi anthu anayamba kudandaula kuti makoma akung'ambika ndipo madenga akudontha. Pa 10 Januwale 2012 anthu mazana angapo a ku Cateme anatseka njanji imene sitima za malasha zinkadutsa popita ku Beira. Apolisi anawabalalitsa, ena n'kumangidwa. Madandaulo awo sanali a nyumba zokha, panalinso nkhani ya minda yosabereka ndi malonjezo ena osakwaniritsidwa, koma ming'alu ndiyo inali umboni umene aliyense ankatha kulowetsamo chala. Kampaniyo inavomera kuti panali zolakwika ndipo inayamba kukonzanso nyumbazo.

Mu Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, lamulo lonena za kusamutsa anthu chifukwa cha ntchito za chuma. Mwa zina limati banja losamutsidwa lipatsidwe nyumba ya zipinda zogona zitatu, yosachepera masikweya mita 70, yomangidwa ndi zipangizo zolimba. Linali lofunika ndithu. Koma kukula kwa nyumba munthu amayeza ndi tepi tsiku lina lililonse, pamene kuya kwa maziko kumaoneka tsiku limodzi lokha, ngalande isanakwiriridwe. Ngati kampani yokhala ndi mainjiniya ndi ndalama zankhaninkhani inapereka nyumba zong'ambika, nanga bwanji nyumba imene munthu wamba wamanga ndi amisiri awiri, akuwerenga thumba lililonse la simenti ngati phindu lomwe likumuthawa?

Mvula nayo yasiya kuchitira chifundo ntchito yosalongosoka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka kugumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Mu Malichi 2023 Freddy analowera ku Quelimane, n'kukhuthula mvula ya masiku angapo ku Zambézia ndi kummwera kwa Malawi, komwe anapha anthu mazanamazana. Amene anayenda m'midzi pambuyo pa anamondwewa anaona zinthu ziwiri zikubwerezabwereza: makoma ogwa chifukwa chonyowa kuyambira pansi, ndi madenga onyamuka athunthu ngati chipewa.

Nkhani ya nyumba zatsopano imayambira pa simenti. Thumba la makilogalamu 50 limachokera kutali ndipo likamafika ku Furancungo kapena ku Dómuè limakhala litakwera mtengo pa mayendedwe. Choncho pali chizolowezi cholitambasula, kuwonjezera wilibala imodzi kapena ziwiri za mchenga pa zimene zimayenera. Woumba mabuloko ogulitsa amapindula akatulutsa mabuloko ambiri pa thumba limodzi. Mmisiri amene wapatsidwa ntchito ya mtengo umodzi mpaka kumaliza amapindula akafulumira. Palibe mwa awiriwa amene adzagone m'nyumbamo. Buloko lopanda simenti yokwanira limayoyoka munthu akalikhula ndi chala, ndipo matope a pakati pa njerwa amakandika ndi msomali ngati chigumu. Koma akangopaka pulasitala ndi penti zonsezi zimabisika. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mchenga nawo uli ndi mbali yake. Wotapa pafupi, wosakanikirana ndi dothi, umafooketsa simenti ngakhale muyeso utakhala wolondola. Kuuyesa n'kosavuta: kuthira mchenga m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kudikira kuti udikhe. Matope akakhala ochindikala pamwamba pa mchenga, umenewo si womangira. Simenti yokhalitsa m'sitolo kapena m'nyumba ya chinyontho imayamba mibulu ndipo mphamvu yake imachepa, motero kugula matumba ambiri mu Juni oti adzagwire ntchito chaka chamawa n'kudziluzitsa. Pali china chimene pafupifupi aliyense amachinyalanyaza, ndicho madzi. Konkire siuma ngati chovala pa chingwe. Imalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi, ndipo imafunika kuthiriridwa kwa masiku osachepera 7, pamene mphamvu yake akatswiri amaiyeza pa tsiku la 28. Tsono nyumba zambiri zimamangidwa mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zitsime zitaphwa, madzi akuchita kugulidwa pa chigubu. Amene akumanga kuti agulitse sangalipire munthu wothirira khoma sabata yathunthu.

Njerwa zootcha zili ndi vuto lina. Nkhuni zikusowa ndipo zikudula, choncho mauvuni ambiri amazimitsidwa moto usanafike paliponse. Njerwa za m'kati zimapsa, za m'mbali zimatuluka zofiirira kunja koma zili zidina m'kati. Njerwa yakupsa imalira ngati chitsulo ukaigunditsa ndi inzake, yosapsa imangoti phu. Kutsidya ku Malawi boma linaletsa mu 2018 kugwiritsa ntchito njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti afala mbali zonse ziwiri za malire. Izi zathandiza mitengo, koma buloko lonyengezera silimposa njerwa yopsa bwino.

Pansi pa zonsezi pali maziko. Ngalande iyenera kupyola dothi lakuda lapamwamba mpaka kufika pa nthaka yolimba, ndipo ikhale yotakata kuposa khoma. Pa katondo wa m'mitunda zimenezi sizivuta. Vuto lili m'matauni amene akukula mothamanga, momwe malo abwino anatha ndipo nyumba zatsikira ku madambo. Dothi la makande limafufuma mvula ikagwa, n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka mpaka khoma litatopa. Malo ena anali maenje oumbiramo njerwa, ena zimbudzi zakale, ena chulu chimene anangochisalaza. Wogula amene wabwera nyumba itatha sangadziwe. Sangadziwenso ngati anayala pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko, lomwe limaletsa chinyontho kukwera m'khoma. Pepalali ndi lotsika mtengo poyerekeza ndi zina zonse, koma likaiwalika palibe njira yapafupi yolilowetsera.

Pamwamba pa mawindo ndi zitseko payenera kudutsa lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse, amene amisiri a kuno amamutcha viga. Ndiye amagwirizanitsa makoma kuti limodzi lisapite lokha. Ena amangoika kachidutswa pamwamba pa chitseko ndi pa windo, kwinako njerwa zokhazokha, n'kupaka pulasitala kuti zioneke ngati lamba wathunthu. Mitengo ya denga nayo iyenera kumangiriridwa ndi waya wochindikala kapena zitsulo zimene zinazikidwa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Denga longokhomera pamwamba, kapena lotsindikizidwa ndi miyala ndi njerwa, limadikira mphepo yoyamba ya mkuntho.

Pa malata alimi a m'malire amasokonezeka ndi miyeso iwiri. Ku Malawi amagulitsa potchula geji, ndipo nambala ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kwambiri. M'masitolo ambiri a ku Moçambique amatchula mamilimita, pomwe nambala yaikulu ndiyo lata lochindikala. Munthu amene wasintha ndalama pa Calómuè kapena pa Biri-Biri n'kupeza malata otchipa kutsidya ayambe wafunsa kuti ndi a muyeso uti, asanasangalale. Lata lopyapyala limang'ambika pa msomali mphepo ikalikoka.

Palinso fasho imene yabwera kuchokera m'mizinda, ya denga lobisika kuseri kwa khoma lokwera, loti munthu akaima panja asaone malata. Imakongola, palibe angatsutse. Koma ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene mvula imagwa yamphamvu kwa miyezi inayi, denga lotere limasunga madzi m'ngalande zobisika zimene zimatsekeka ndi masamba, ndipo khoma limatsala lopanda chotchinga. Makolo amene ankazunguliza nyumba ya dothi ndi khonde sankachita zokongoletsa. Ankadziwa kuti khoma limafera kumapazi.

Nanga nyumba zakale? Mawu oti zakale zinali zolimba ali ndi chinyengo pang'ono. Nyumba zakale zofooka zinagwa kalekale, zimene anthu akuziona lero ndi zotsala zokha. Komabe kwa wogula ichi ndicho ubwino wake. Nyumba imene yaima zaka 30 kapena 60, n'kupyola Ana ndi Freddy, yaonetsa kale khalidwe lake. Ngati nthaka ya pansi pake inali yoti isunthe, inasuntha kale ndipo zizindikiro zili pa khoma. Nyumba ya miyezi 6 sinayesedwe ndi dzinja ngakhale limodzi.

Koma mawu oti yakale akuphimba nyumba zosiyana kwambiri. Pali za nthawi ya atsamunda, monga zimene zili pakati pa Ulónguè kuyambira pamene tauniyi inkatchedwa Vila Coutinho, ndi makantina a m'misika yakale. Zambiri zili ndi makoma ochindikala ndi makonde otakata. Sizinalimbe chifukwa cha matsenga a Apwitikizi: eni ake anali ndi ndalama, nthawi, ndi antchito amene ankalipidwa zochepa kapena kugwira chibalo. Zina mwa nyumbazi zinapsa kapena kusasulidwa malata pa nkhondo ya zaka 16, n'kukhala zaka zambiri zikunyowa popanda denga, ndipo makoma otere angaoneke athunthu koma atafumbwa m'kati. Ndiye pali nyumba zimene anthu anamanga atabwerako ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, kumene anathawira nkhondo, pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Zimenezo zinamangidwa mofulumira ndi anthu obwera chimanjamanja, zambiri ndi njerwa zomangira dothi. Zina zikadali bwino chifukwa eni ake anasamala denga ndi khonde. Zina zatha ntchito.

Ming'alu imawerengeka. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi toyenda paliponse pa pulasitala nthawi zambiri ndi ta pamwamba chabe. Mng'alu woyenda mopingasa ngati masitepe kutsata mizere ya njerwa, wotakata mbali imodzi n'kupyapyala mbali ina, wooneka kunja ndi m'kati momwe, ukunena za maziko. Chimodzimodzinso chitseko chimene chinasiya kutsekeka, pansi popendekera mbali imodzi, kapena khoma lotuluka mimba. Kuti munthu adziwe ngati mng'alu ukuyendabe, angamatepo kasimenti kochepa kapena kulemba mizere iwiri ndi pensulo m'mbali mwake, n'kudzaonanso pakatha miyezi. Penti watsopano pa khoma limodzi lokha, kapena kabati yaikulu yoimikidwa pakona, ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti aisunthe. M'munsi mwa khoma mukakhala zoyera ngati mchere ndipo pulasitala akusupuka, ndiye kuti chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Mitengo ya denga ayenera kuibaya ndi mpeni, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu.

Chenjezo lapadera ndi la madenga otuwa a lusalite amene ali pa nyumba zambiri zakale. Ambiri mwa iwo anapangidwa ndi simenti yosakaniza ndi asibesitosi, amene Apwitikizi amati amianto, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, kuphatikizapo khansa, patapita zaka zambiri. Moçambique inaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa zinthu za amianto mu 2010. Denga lotere likakhala lathunthu ndipo silikukhudzidwa, chiopsezo chimachepa. Ngozi imabwera pa tsiku lokonza, pamene anyamata akulidula ndi sowo, kuliboola kapena kuliponya pansi kuti lisweke. Liyenera kunyowetsedwa, kutsitsidwa lathunthu, ndipo zidutswa zake zisakhale zoseweretsa ana kapena zofolera khola la nkhuku.

Okonza nyumba zakale nawo amaziwononga okha. Amagumula khoma la m'kati kuti pabalaza pakule, osadziwa kuti ndilo linkanyamula denga. Amakulitsa mawindo popanda kuika chonyamulira pamwamba. Amamata pulasitala wa simenti yambiri pa khoma lomangira dothi, ndipo pakatha dzinja limodzi amasupuka ngati khungwa. Amalumikiza chipinda chatsopano ku nyumba yakale, maziko awiriwo n'kumakhazikika mosiyana, mng'alu n'kutseguka polumikizira penipeni. Ndipo ndalama zokonzera sizidziwika bwino mpaka ntchito itayamba: wachotsa malata wapeza mitengo yofumbwa, wachotsa mitengo wapeza kuti mzere wa pamwamba wa njerwa ukugwedezeka. Mawaya akale a magetsi, chimbudzi chodzaza ndi chitsime chokumbidwa pafupi nacho, zonsezi zimalowa pa mtengo. Komabe malire ake ndi oonekeratu. Denga, zitseko, pansi ndi pulasitala zimasinthika chimodzichimodzi, chaka ndi chaka, monga mmene ndalama za mlimi zimabwerera. Maziko osuntha sasinthika. Wogula nyumba yotero wagula malo pa mtengo wa nyumba.

Apa ndi pamene nkhani imafika pa lamulo, chifukwa ku Moçambique malo sagulitsidwa. Malamulo aakulu a dziko ndi Lei de Terras ya 1997 amanena kuti nthaka ndi ya boma, singagulitsidwe kapena kuperekedwa ngati chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, DUAT. Ufuluwu umapezeka popempha ku boma, komanso lamulo limauvomereza kwa anthu okhala pamalo motsata mwambo wa kwawo, ndi kwa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mosabera wina kwa zaka zosachepera 10, ngakhale popanda pepala. Chimene chingagulitsidwe ndi nyumba ndi zina zimene munthu wamanga kapena kubzala pamalopo. M'tauni, nyumba ikasinthidwa umwini mwalamulo, ufulu wa malo umatsatira nyumbayo. Kumudzi pamafunika chilolezo cha boma kaye. Njira yake imadutsa kwa notário kukalemba escritura, ku Conservatória kukalembetsa, ndi kulipira msonkho wa SISA, womwe ndi 2 pa 100 iliyonse ya mtengo wa nyumba ya m'tauni.

Ambiri sachita zimenezi. Amalemberana kapepala pamaso pa sekeretale wa bairro kapena a mfumu, ndalama n'kusintha manja. Kapepalako kali ndi ntchito ngati umboni, koma sikayankha funso lalikulu: kodi wogulitsayu ndiye mwini yekha? Apa nyumba yakale ndiyo imaluma kuposa yatsopano. Nyumba ya malemu imakhala ndi ana a kubanja loyamba ndi lachiwiri, wina ali ku Tete, wina ku Lilongwe, wina ku Johannesburg. Mmodzi akagulitsa mwamseri, enawo amatulukira pamene wogula wamaliza kufolera malata atsopano. Lamulo la chuma cha masiye la 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa mzere woyamba wa olowa chuma pamodzi ndi ana, choncho mlongo kapena malume a malemu sangangogulitsa nyumba mayi wamasiye ali moyo. Ndipo nyumba imene banja likukhalamo, mwamuna sayenera kuigulitsa mkazi wake osavomera. Wogula wanzeru amafuna kuona onsewa atakhala pansi, atasaina, mboni zilipo.

Nyumba za nthawi ya atsamunda zili ndi msampha winanso. Mu Febuluwale 1976 boma la Samora Machel linatenga nyumba zochititsa lendi ndi zosiyidwa ndi eni ake, n'kuziika m'manja mwa bungwe la APIE. Kuyambira zaka za m'ma 1990 boma linayamba kuzigulitsa kwa anthu okhalamo, koma si onse amene anamaliza kulipira ndi kutenga mapepala. Banja likhoza kukhala m'nyumba zaka 40, aliyense m'tauni n'kumaitchula ndi dzina lawo, pamene m'mabuku ikadali ya boma. Kwa abale a kutsidya la malire amene amafuna kugula kuno, lamulo la malo lili ndi zofunika zapadera kwa anthu akunja, kuphatikizapo kukhala m'dziko muno zaka zosachepera 5. Kulembetsa nyumba m'dzina la msuweni wa kuno n'kofala, ndipo milandu yake imafalanso chimodzimodzi.

Pali chifukwa china chimene amuna ambiri amathamangira kugula pa msika kapena m'tauni, chomwe sichikambidwa poyera. Kumene kuli chikamwini, mwamuna amamanga pamalo a kwawo kwa mkazi. Banja likatha kapena mkazi akamwalira, iye amanyamula kachikwama, nyumba ya malata n'kutsala. Choncho ena amamanga mongoyerekeza kumudzi, ndalama zenizeni n'kukaziika pa nyumba ya ku Ulónguè imene mkazi sakuidziwa bwino. Mantha awo ndi omveka, koma kugula mobisa ndiko kumachititsa munthu kugula mothamanga, popanda mmisiri womuyenderako ndi popanda mboni. Amene amagulitsa nyumba zonyengezera amawadziwa bwino makasitomala oterewa.

Kumanga wekha ndiyo njira yokhayo imene mwini nyumba amaona ngalande isanakwiriridwe. Ili ndi mavuto ake. Ambiri amalemba pansi nyumba ya zipinda zisanu ali ndi ndalama za zipinda ziwiri, makoma n'kufika pa windo, ndalama n'kutha, mvula n'kuwapeza ali pamtunda. Makoma omangira dothi akanyowa dzinja limodzi kapena awiri opanda denga amakhala okalamba nyumba isanalowedwe. M'midzi ya m'malire muli zigoba zambiri zotere, zomera udzu m'kati, zodikira fodya wa chaka chamawa amene mtengo wake sudziwika. Amene amayamba ndi zipinda ziwiri n'kuzimaliza mpaka denga, atasiya polumikizira zina, amagona pouma chaka choyamba chomwe. Ndipo ngati simenti ili yochepa, malo ake oyamba ndi maziko, mizere ya m'munsi ya njerwa, makona ndi viga. Matailosi ndi siling'i zingadikire.

Ndi ochepa amene amadziwa kuti Código Civil imamanga mmisiri kapena kampani yomanga kwa zaka 5 kuchokera tsiku lopereka nyumba, ngati yagwa kapena yaonetsa zolakwika zazikulu chifukwa cha kamangidwe kapena nthaka. Mwini ntchito ayenera kudandaula pasanathe chaka. Koma chitetezochi chimagwira bwino kwa amene anapangana ndi mmisiriyo, ndipo chimafuna umboni. Pangano la pakamwa la pa bawo n'lovuta kulitsimikizira ku khoti. Pepala limodzi lolembapo mayina, kukula kwa nyumba, matumba a simenti a gawo lililonse, ndi kuti malipiro aziperekedwa gawo likatha ndi kuonedwa, limasintha kwambiri khalidwe la mmisiri. Amisiri abwino, omwe alipo ambiri m'maboma amenewa, sakana pepala lotere, chifukwa limawatetezanso kwa eni nyumba amene amagula simenti yochepa n'kudzaloza chala mmisiri khoma likang'ambika. Ma município ngati a Ulónguè, Moatize ndi Milange amapereka zilolezo zomangira, ndipo chilolezo chikadakhala ndi tanthauzo lalikulu kukadakhala kuti woyendera amafika pa tsiku la maziko ndi la viga, osati pa tsiku lotolera ndalama lokha.

Vuto lotsala ndi la kalendala. Ndalama za mlimi zimabwera pakati pa chaka, nthawi imene nyumba iliyonse imaoneka youma ndi yaukhondo. Nthawi yabwino yoonera nyumba ndi Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, pamene madontho a padenga, chinyontho cha m'khoma ndi njira ya madzi pabwalo zili poyera, koma apo m'thumba mumakhala mopanda kanthu. Ena amathana nazo poyendera nyumba m'dzinja, kupangana mtengo, n'kudzalipira akagulitsa mbewu. Ena amayamba achita lendi nyumbayo kwa dzinja limodzi. Amene sangadikire ali ndi anthu oyandikana nayo nyumbayo. Iwowo amakumbukira pamene madzi anafika nthawi ya Ana, amadziwa mmisiri amene anakumba maziko ndi masiku amene anatenga, ndipo amadziwa ngati pali mwana wa malemu amene sanabwere ku maliro.